Nambala ya a Mbewe

Loweruka lapitali tinanyamula matumba a simenti m'galimoto ya apongozi anga, a Filimoni Mbewe. Simentiyo ndi ya chiliza chawo, poti mwezi uno akwanitsa chaka ali m'manda. Pamene thumba lachitatu linkaponyedwa kumbuyo pa sitolo ina ku Mitundu, galimoto inachita kukhala pansi, ine mtima n'kugunda ngati ndaba. Akanakhala moyo mwini wake, simenti ija ikanapita pa ngolo, olo ikhale ya manda awo omwe.

Ine ndine mkamwini pakhomo paja. Ndinakwatira mwana wawo wachiwiri, mayi a Tadala, ndipo ntchito yanga ndi kuyendetsa lole, nyengo ya fodya kunyamula mabelo, nyengo zina chilichonse chimene chapezeka. Za ine zithere pomwepa. Chimene chakhala chikundizunguza mutu chaka chonsechi ndi munthu uja, ndi mmene kanambala ka pa galasi la galimoto kanawagwirira mtima mpaka kuwauza zimene palibe wa ife akanayerekeza kuwauza.

A Mbewe anakalambira pa sikelo. Ankagwira ukalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Malingunde, kuyeza mabelo a matenanti, ndipo atapuma ntchito diso la sikelo silinawachoke. Mbuzi, thumba la soya, khanda lobadwa kumene, mlendo wodzapempha madzi akumwa, zonse ankayamba aziyeza ndi maso n'kutchula kulemera kwake. Ukawatsutsa ankalowa m'nyumba kukatenga sikelo yawo ya mbedza. Sankachita izi mwankhanza ayi. Ankangosowa mtendere akaona chinthu chimene sakuchidziwa muyeso wake. Ngakhale m'masiku awo otsiriza ku chipatala, mawu akutuluka movutikira, anakoka namwino pa mkono n'kumufunsa chifukwa chimene madzi a dilipi yawo ankadonthera mochedwa kusiyana ndi a munthu wa pa bedi loyandikana nalo. Namwinoyo anaseka, koma anawafotokozera, iwo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wakhuta.

Galimotoyo anawagulira ndi mwana wawo woyamba, wa ku Joni. Inali yaing'ono, yotuwa, yoyendapo kale ku Japani, ya mtundu umene amati haibulidi, yoyendera petulo ndi batire mosinthanasinthana. Kwathu kuno haibulidi tinkaidziwira ku chimanga ndi nkhuku, ndiye sabata yoyamba anthu anaseka mokwanira, ena kufunsa ngati imafunanso feteleza wobereketsa. Chodabwitsa chachikulu chinali choti ukadina batani sinkalira. Inkangoyatsa timagetsi, mayi wina n'kulankhula Chijapani m'kati mwa dashibodi, basi yayamba kuyenda mwakachetechete ngati munthu wozemba msonkhano. Nkhuku za apongozi aakazi, a Nabanda, zinazolowera mochedwa, ndipo ziwiri sizinazolowere n'komwe.

Pa galasi la kuseri kwa chiwongolero pankaoneka nambala yosonyeza makilomita amene galimoto ikuyenda pa lita imodzi ya petulo. Ukayendetsa mofatsa inkakwera, ukaponda moto mwachisawawa inkatsika. Munthu wina akanaiona tsiku limodzi n'kuiwala. Kwa a Mbewe kunali ngati awabwezera sikelo yawo, koma ulendo uno yoyeza dalaivala. Yawo inkakhala pa 24, ndipo ankaitchula mmene makolo amatchulira mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale.

Poyamba sanaikhulupirire. Ankati makina odziyeza okha sasiyana ndi wogula soya amene wabwera ndi sikelo yake. Ndiye ankadzaza thanki mpaka pakamwa, kuyenda mpaka itatsika, kudzazanso, n'kuwerengera pamtima. Atapeza kuti galasi limanamako pang'ono mokomera mwini galimoto, anasangalala tsiku lonse, kuuza aliyense wodutsa kuti Ajapani nawonso amadziwa kunyengerera munthu. Kuyambira pamenepo mafunso sanathe. Kodi mawindo otsegula amadya mafuta? Nanga n'chifukwa chiyani m'mawa kukazizira injini imakana kugona? Sabata ina ankadzera njira ya fumbi, sabata inayo ya tala, kuti aone imene galimoto ikuikonda. Matayala ankapopa okha ndi pampu ya njinga, atavula jekete, thukuta lili kamukamu. Potsetsereka ankanyamula phazi kuti batire idzaze, a kabaza n'kumawapitirira akuimba mahuta, iwo ali phee. Ine sanandigwiritseko chiwongolero. Ankati madalaivala a malole tili ndi phazi la munsi, timasinja m'malo moponda.

Ulendo wawo waukulu unali wa Loweruka, wa ku Nathenje. Kumeneko kuli mlongo wawo, a Nambewe, ndi ana ndi adzukulu, ndipo a Mbewe ndiwo anali mwinimbumba. Malire a minda, mabanja ogwedezeka, maliro, zonse zinkadikira iwo. Ankakonda kunena kuti mwinimbumba azifika yekha ndi kuchoka yekha, chifukwa munthu wochita kunyamulidwa amaweruza mlandu akuyang'ana nkhope ya womunyamula. Bambo awo anamaliza moyo akuchita kukwezedwa pa ngolo ngati thumba, anthu n'kumakambirana za iwo ali pomwepo, ndipo zimenezo zinawakhala a Mbewe mumtima. Imfa ankaitchula mosavuta. Chimene ankachiopa ndi kunyamulidwa.

Loweruka lililonse, asananyamuke, pankakhala kankhondo ka katundu.

"Thumba ili likupita kuti, a Nabanda?"

"Kwa alamu anga. Mukufuna tikafike chimanjamanja ngati opempha moto?"

"Ku Nathenje kulibe chigayo?"

"Chiliko. Kulinso amuna amene magalimoto awo sachitira nsanje maungu."

Mapeto ake ufa unkakwera, maungu n'kutsala. A Nabanda anayesapo kubisa maungu pansi pa mpando, koma atafika, a Mbewe anayang'ana pa galasi n'kufunsa modekha kuti wakwera ndani wina amene sanapereke moni. Kaya anaonadi pa nambala, kaya anangoona nkhope ya mkazi wawo, mpaka pano sindikudziwa.

Chaka chachitatu cha galimoto, nambala inayamba kutsika. Inachoka pa 24 kufika pa 22, kenako 20, ndipo pakhomo panalowa mdima. Woyamba kuganiziridwa anali wothira mafuta pamalo pamene ankamwetsa nthawi zonse. Anamunena kuti akusakaniza ndi palafini, munthu wosalakwa, n'kusamukira kwina, koma nambala inapitiriza kutsika. Anapita nayo kwa makaniko m'tauni, amene anaiyeza ndi kompyuta n'kunena kuti batire ili bwino, injini ili bwino. A Nabanda analumbira kuti za maungu anasiya kalekale. Masiku omwewo, pa msika wa ku Mitundu, galimoto inalumpha m'malo moima n'kukagunda dengu la matimati la mayi wina amene anakhala m'mbali mwa msewu. Mayiyo anathawira chammbali, matimati okha ndiwo anaphwanyika. Bambo analipira, n'kunena kuti mabuleki ndi olakwa. Makaniko anawayang'ana mabulekiwo, sanapeze kanthu.

Kenako nkhani inandigwera ine. Sanandiuze pamaso, poti mpongozi ndi mkamwini salozana chala. Anaitana mayi a Tadala n'kuwauza kuti amuna awo amatenga galimoto mozemba kukachita matola, ndipo phazi la munsi lija ndilo likugwetsa nambala. Mkazi wanga anabwera misozi ili m'maso. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bambo anali akuwaza phulusa kuseri kwa matayala madzulo aliwonse kuti andigwire. Phulusalo linkacha lili bwinobwino, koma iwo ankati wakuba wochenjera amayenda ndi phulusa lake.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Mkamwini ukatchedwa wakuba pamudzi pa eni, chotsala ndi kulongedza. Ndinali nditatumiza kale mawu kwa ankhoswe anga pamene bambo anandiitana okha pansi pa chisakasa cha galimoto. Anati sakufuna bwalo, nambala iweruze. Galasi lija linali ndi batani loyambitsira kuwerenga pachiyambi. Loweruka limenelo ayendetsa iwo kupita ku Nathenje ndi kubwera, ine nditakhala pambali ngati mboni. Loweruka linalo ndiyendetse ine. Yawo ikabwerera pa 24, yanga n'kugwa, ndiye kuti wakuba wadziwika. Ndinavomera, mwina chifukwa nanenso ndinali nditayamba kufuna kudziwa chimene chikudya mafutawa.

Ulendo woyambawo ndinaona zimene sindinayembekezere. Injini inkabangula m'malo mmene kale inkakhala chete. Galimoto inkathamanga, kubwerera m'mbuyo, kuthamanganso, ngati ng'ombe yosazolowera goli. Titayandikira gulu la njinga zonyamula makala kuseri kwa phiri la Bunda, bambo anawerama kuyang'ana pansi, kufuna kuona pamene phazi lawo lili, kenako ndiye n'kuponda buleki.  Dalaivala sayang'ana phazi lake, ngati mmene munthu sayang'ana pakamwa pake akamadya. Titabwerako nambala inali pa 18. Iwo anati kunali mphepo, komanso ine ndine wolemera kuposa mmene ndimaonekera. Ndinauza mayi a Tadala zimene ndinaona, iwo anati ndikanene ndekha. Ine mkamwini, woganiziridwa kuba, ndikauze apongozi kuti sakutha kuyendetsa? Mapeto ake palibe amene anawauza.

Loweruka linalo anandipatsa kiyi ndi zala ziwiri, ngati akupereka chinthu choti chikabwera chodetsedwa. Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Ndinachita zonse zimene ndinkawamva akulalikira zaka zitatu: kunyamuka mofatsa, kuona chitunda chikadali patali, kunyamula phazi potsetsereka. Iwo njira yonse sanayang'ane pa galasi. Maso awo anali pa phazi langa, kenako pa lawo, kenako pa langa. Titaima pakhomo pa a Nambewe, nambala inali pa 25.

Tsiku limenelo sanalankhule zambiri kwa mlongo wawo. Tiyi anamwa theka. Pobwerera, dzuwa likadali pamutu, anandiuza kuti ndiime pansi pa mtengo wa mkuyu m'mbali mwa msewu. Anatsegula chitseko, n'kutulutsa mwendo wakumanja.

"Bambo a Tadala, ndivuleni nsapato iyi."

"Ine, bambo?"

"Pano pali mkamwini wina?"

Ndinagwada pa fumbi. Chikhalire pamudzi paja ndinali ndisanawakhudzepo kupatula popereka moni ndi manja awiri. Nsapato inatuluka movutikira, sokosi itamatirira ku phazi. Kamsomali kanali kataboola nsapatoyo pansi n'kulowa m'mnofu kuseri kwa zala, ndipo fungo lake linandiuza kuti si za dzulo kapena dzana. Ine ndinayang'ana kumbali. Iwo anaweramira pafupi, kuchiyang'anitsitsa chilondacho ngati ndi cha munthu wina.

"Taonani zodabwitsa," anatero. "Msomali uli m'thupi mwanga, mwini wake osadziwa."

Anandituma kutola kamtengo kosongoka. Anati atsinzina, ine ndizibaya phazilo malo osiyanasiyana, iwo azinena akamva. Anatsinzinadi, manja atagwira m'mawondo. Ndinabaya chala chachikulu. Ali chete. Ndinabaya chidendene, ndinabaya pamwamba pa phazi.

"Bayanitu," anatero.

"Ndabaya kale, bambo."

Sanatsegule maso. Anati ndipitirize, ndizikwera m'mwamba. Pa kakolo anati akumva ngati chinthu chili kutali. Pa msongolo ndiye anadzidzimuka. Anatsegula maso n'kuika chala pamalo pamene anayambira kumva, ngati akuika chizindikiro pa belo. 

"Wakuba uja ndamupeza," anatero. "Ndimayenda naye mu nsapato. Ndinakuchimwirani, bambo a Tadala, ndipo mawa ndikanena pamaso pa onse."

Ndinayankha kuti palibe kanthu, ngakhale kanthu kanalipo. Iwo sanandimvere n'komwe. Maganizo awo anali atapita kwina.

"Mayi wa matimati uja," anatero, "anali ndi mwana kumbuyo."

Tinapita ku chipatala cha ku Mitundu tsiku lomwelo, osadzera kunyumba. Anawapeza ndi shuga, amene anati anali atakhala m'thupi nthawi yaitali, akudya mitsempha ya m'mapazi mwakachetechete. Zala ziwiri anazidula. Anawauzanso mosabisa kuti dzanzi limenelo silidzachoka, ndipo ndi bwino chiwongolero achisiye. Kupepesa kuja anakuchitadi, ali pa bedi, ataitanitsa mkazi wawo, mkazi wanga ndi ankhoswe anga amene. Koma za chiwongolero sananene kanthu, ndipo zimenezo ndi zimene zinkatidetsa nkhawa tonse. A Nabanda anati tibise kiyi. Ine ndinakana. Munthu amene ankawaza phulusa kuseri kwa matayala mungamubisire kiyi? Inakhala pa msomali wake kuseri kwa chitseko, masabata onse amene chilonda chinkapola.

Kenako kunabwera uthenga wochokera ku Nathenje, woti ana awiri a a Nambewe akanganirana dimba mpaka kutengerana makasu. Loweruka m'mawa bambo anavala jekete ndi chipewa, anatenga ndodo, n'kuchotsa kiyi pa msomali. Anayenda pang'onopang'ono kupita ku chisakasa. A Nabanda anali akupeta chimanga, lichero linangoima m'manja. Mayi a Tadala anandiyang'ana kuti ndichitepo kanthu, koma ine ndikanatani? Ndinangowatsatira chapatali.

Analunjika ku chitseko cha dalaivala n'kuchitsegula. Sanalowe. Anaima atatsamira ndodo, akuyang'ana pansi pa chiwongolero pamene phazi limaponda. Sindikudziwa zimene ankayeza pamenepo, koma ankayeza, chifukwa milomo inkagwedera mmene inkachitira akamawerengera pamtima. Ine ndinali nditakonzeka kale kuti akalowa ndikwera nawo, zichitike zimene zichitike. Kenako anatseka chitseko chija mofatsa. Anazungulira kumbuyo kwa galimoto, dzanja likukhudza malata ake njira yonse, mpaka anafika mbali inayo. Kiyi anaikweza pamwamba pa denga la galimoto, nkhope atayang'ana kwina.

"Tiyeni, a dalaivala. Koma musakasinje."

Mtima unandiwawa kwambiri polandira kiyi ija, kuposa tsiku limene ananditcha wakuba. Ku Nathenje mdzukulu wina wopanda mwambo ananong'oneza mnzake kuti agogo masiku ano akuchita kubwera nawo. Bambo anamva, ine ndinaona khutu lawo likugwedera, koma anatsika, anakhala pa mpando, mlandu wa dimba n'kuuweruza mpaka onse awiri anapatsana manja. Pobwerera anandifunsa ngati panali nthawi imene anayang'ana nkhope yanga akuweruza. Ndinati ayi. Anati nawonso anadziyang'anira, ndipo akuona ngati n'zotheka ndithu kuweruza uli wonyamulidwa.

Anakhala zaka ziwiri akukwera mbali imeneyo. Chiwongolero sanachigwirenso, ngakhale kuyendetsa pabwalo pokha. Mpando anaukankhira kumbuyo kuti mwendo uziwongoka, a Nabanda n'kuwaikira pilo pansi poti phazi lizitsamira. Kukhala chete ndiye sanakhale. Ankandiuza poponda ndi ponyamula phazi ngati ine sindinaonepo msewu, ndipo nambala ikatsika pang'ono ankatsokomola. Anapezanso chinthu china choyeza, kamakina kobaya chala koonetsa shuga. Ankayesa kudya mbatata lero, mawa mgaiwa, mkuja nthochi, kuti aone chimene chikukweza nambala ya m'magazi, n'kumatiuza zotsatira pa chakudya ngati nkhani za mpira. Tsiku lina anandiuza kuti thupi ndi galimoto n'zosiyana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti galimoto ikayamba kudwala imanena. Anamwalira nyengo yozizira, shuga yemweyo atafika ku impso.

Galimoto ikadali pakhomo. Mwana wawo wa ku Joni anati isagulitsidwe, izithandiza amayi. Ndikamawapititsa ku Nathenje a Nabanda amakhala kumbuyo, ndipo ndikawatsegulira chitseko cha kutsogolo amangopukusa mutu. Adzukulu nawonso palibe amene anawaletsa, koma onse amathithikana kumbuyo komweko.

Masabata awiri apitawo ndinapita ndekha kukauza a Nambewe tsiku la chiliza. Nditaima pakhomo pawo ndinayang'ana pa galasi, poti chizolowezicho anandisiyira, ndipo panali 26. Sinafikepo pamenepo chibwerere galimoto ija. Ndinayamba kudzifunsa chimene ndachita mosiyana. Matayala anali omwewo, msewu womwewo, mafuta ndinamwetsa pomwe ndimamwetsa. Kenako ndinacheukira kumanzere. Mpando ukadali wokankhidwira kumbuyo mpaka pothera, pilo ili pansi pomwepo, ndipo pa chitseko pali malo othimbirira pamene chigongono chawo chinkatsamira. A Mbewe anali munthu wa thupi. Galimoto inali itapepuka ndi kulemera kwawo, ndipo galasi linayeza bwinobwino. Ndinazimitsa n'kukhala kaye momwemo, chifukwa nambala yabwino chotero ndinalibe woti ndimuonetse.